Kupanga ayisikilimu kunyumba: yambani mwadziwa kuzizira kwa firiza yanu

Dandaulo la anthu ambiri amene ayesapo kupanga ayisikilimu kunyumba limakhala lofanana: kukoma wakoma ndithu, koma walimba gwa moti supuni ikuchita kupindika, ndipo mukamuika m'kamwa mano akukumana ndi timibulu ta ayisi. Ena amathamangira kunena kuti mkaka ndi wosakhala bwino, ena amati popanda makina sizingatheke. Nthawi zambiri mkaka umakhala ulibe mlandu. Nkhani imagona pa kuzizira. Mwina msakanizo wa mkaka, shuga ndi zina zopangira ayisikilimu unaundana mochedwa kwambiri, kapena utaundana unkasungunukako n'kumaundananso. Mukazigwira ziwirizi, poto, thini ndi firiji wamba zikwanira.

Zimene zimachitika msakanizo ukamazizira

Madzi opanda kanthu amaundana pa 0°C. Mukathiramo shuga, pa 0 saundananso, amafuna kuzizira koposa apo. Msakanizo wa ayisikilimu uli ndi shuga amene mwathirayo, shuga wachilengedwe wa mumkaka ndi timchere ta mumkaka momwemo, ndiye umayamba kuundana pakati pa -2°C ndi -3°C. Komanso suundana wonse nthawi imodzi. Madzi okha ndi amene amapatuka n'kupanga timibulu ta ayisi, shuga n'kutsalira m'madzi amene sanaundane. Madzi otsalawo tsopano ali ndi shuga wambiri kuposa poyamba, choncho amafuna kuzizira kochulukirapo kuti nawo aundane, ndipo zimapitirira motero. Pofika -6°C madzi oundana amakhala pafupifupi theka. Pofika -18°C amakhala apitirira magawo atatu mwa anayi. Kagawo kotsalako kamakhala manyuchi oyenderera pakati pa timibulu, ndipo manyuchi amenewa ndi amene amalola supuni kulowa. Ichi n'chifukwa chake shuga mu ayisikilimu sali wongotsekemeretsa. Mukamuchepetsa kwambiri, madzi ambiri amaundana, mumapeza chibuma.

Lilime silimva kuchuluka kwa ayisi, limamva kukula kwa timibulu. Timibulu tosapitirira gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita timadutsa palilime osamveka. Tikakula kuposa apo timayamba kukhakhala. Tsono mfundo imene ndikufuna musaiwale ndi iyi: chiwerengero cha timibulu chimakhazikika pa nthawi yoyamba ija msakanizo ukuundana. Ukazizira mwachangu uku mukuutakasa, pamabadwa timibulu tambirimbiri ting'onoting'ono. Ukazizira mochedwa uli phee, pamabadwa tochepa, ndipo madzi onse otsala amakaunjikana pa tochepato n'kutikulitsa. Nthawi imeneyi ikadutsa palibenso chimene mungachite kuti timibulu tichepe, timangokula basi.

Choncho pali kuzizira kwa mitundu itatu. Poundanitsa mumafuna kuzizira konse kumene mungakwanitse. Mafakitale amalimbitsa ayisikilimu m'zipinda zofika -30°C mpaka -40°C pa chifukwa chomwechi. Posunga mumafuna -18°C kapena kutsikirapo, kosasinthasintha. Pakudya, amakoma ali pakati pa -12°C ndi -14°C.

Choyamba: yezani firiza yanu

Musayambe mwagula mkaka. Yambani mwadziwa chimene firiza yanu ingathe.

Yang'anani pachitseko cha malo oundanitsira ngati pali nyenyezi. Nyenyezi imodzi ikutanthauza -6°C, ziwiri -12°C, zitatu -18°C. Zinayi zikutanthauza kuti imafika -18°C ndipo ili ndi mphamvu youndanitsa chakudya chimene chalowa chisanaundane. Kabokosi kam'mwamba mu firiji ya chitseko chimodzi kawirikawiri kamakhala ka nyenyezi imodzi kapena ziwiri. Kamapanga ayisi bwinobwino, ma freezes a malambe amagwira, ndiye munthu amaganiza kuti n'kokwanira. Koma pa -6°C ayisikilimu amangokhala wofewa, salimba, ndipo timibulu timakula msanga. Amene muli ndi firiji yotere musataye mtima, njira ya ayisi ndi mchere imene ili m'munsimu ndi yanu.

Manambala a pa kachozungulira kosinthira kuzizira kaja, 1 mpaka 5 kapena 1 mpaka 7, si madigiri. Pa mafiriji ambiri nambala yaikulu ndiyo yozizira kwambiri, koma sikuuzani kuti mkatimo muli madigiri angati. Chokuuzani zoona ndi themomita ya mu firiza. Ikani pakati pa zakudya zoundana, osati pakhomo, isiyeni usiku wonse, muwerenge m'mawa mukangotsegula. Tsiku lotsatira muwerengenso masana dzuwa lili paliwombo. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukuuzani zambiri.

Ngati mulibe themomita, mchere ukuthandizani. Tengani makapu atatu, iliyonse muthiremo madzi okwana 100 ml. M'kapu yoyamba sungunulani mchere wosalala timasupuni tiwiri ta tiyi tosasefukira, yachiwiri titatu, yachitatu tinayi. Ikani mu firiza usiku wonse. Madzi a m'kapu yoyamba amayamba kuundana pafupifupi pa -7°C, a yachiwiri pa -11°C, a yachitatu pa -16°C. Musayembekezere chibuma cholimba. Chimene mukufuna kuona ndi timasamba ta ayisi toyandama m'madzimo. Ngati kapu yachitatu nayo yagwira timasamba, firiza yanu ili bwino. Ngati ndi yoyamba yokha, kapena palibe n'imodzi yomwe, mwadziwa kale kuti ayisikilimu wanu azidyedwa tsiku lomwelo.

Malo amene firiji yakhala nawonso ali ndi mbali. Pachikwangwani chaching'ono chimene chimakhala kumbuyo kapena mkati pamalembedwa zilembo zosonyeza kutentha kwa m'nyumba kumene firijiyo inapangidwira: N imapirira mpaka 32°C, ST mpaka 38°C, T mpaka 43°C. Kwa amene muli ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, mwezi wa Okutobala ndi Novembala firiji ya N imavutika kufika pa kuzizira kolembedwa paja, ngakhale ili yatsopano. Ichotseni padzuwa, italikitseni ndi malo ophikira, musiye mpata kumbuyo kuti mpweya uziyenda, ndipo mupukute fumbi pa waya zakumbuyo. Ayisi akachuluka m'makoma kupitirira theka la sentimita, msungunuleni masiku angapo musanayambe ntchito, chifukwa amatchinga kuzizira.

Chachiwiri: konzani firiza dzulo lake

Madzulo a tsiku loti mawa mupanga, ikani firiza pa nambala yozizira kwambiri. Ngati ili ndi batani lolembedwa Super Freeze kapena Fast Freeze, likanikizeni. Lambulani malo pansi penipeni kapena chakumbuyo, pamene chiwiya chanu chidzagunde chitsulo chozizira. Ikanimo kale thireyi yachitsulo, foloko kapena chomenyera mazira, ndi makontena osungiramo, kuti zonse zikhale zitazizira. Tsiku limenelo musalowetsemo nyama yaiwisi yongogula kumene kapena mabotolo a madzi, chifukwa zidzalanda kuzizira kumene ayisikilimu akufuna.

Chachitatu: phikani msakanizo

Pa ayisikilimu wokwana pafupifupi lita imodzi mufunika:

- mkaka wosachotsa mafuta, 500 ml
- kirimu wa mkaka, 250 ml
- shuga, magalamu 150, amene ndi magawo atatu mwa anayi a kapu
- mkaka wa ufa, masupuni atatu aakulu
- zachikasu za mazira anayi
- mchere wongotsina ndi zala, ndi vanila ngati alipo

Kirimu ndi wodula ndipo sapezeka paliponse. Mukamusowa, tengani mkaka 750 ml, mkaka wa ufa wosachotsa mafuta magalamu 100, shuga ndi mazira chimodzimodzi, n'kuwonjezera supuni imodzi yaikulu ya ufa wa kasitadi. Sadzanona mofanana ndi wa kirimu, koma adzasalala.

Chilichonse pamndandandawu chili ndi ntchito yolimbana ndi ayisi. Mafuta ndi mkaka wa ufa zimatenga malo amene akanakhala madzi. Chachikasu cha dzira chimagwirizanitsa mafuta ndi madzi. Ufa wa kasitadi, womwe mbali yaikulu ndi sitachi wa chimanga, umamwa madzi n'kuwaletsa kuyenda momasuka kupita ku timibulu. Koma mkaka wa ufa musaupyoze muyezo poganiza kuti wambiri ndiye wabwino. Shuga wa mumkaka sasungunuka mosavuta, ndipo akachuluka amapanga timiyala take patapita masiku. Kusiyanitsa n'kosavuta: timibulu ta ayisi timasungunuka palilime nthawi yomweyo, pomwe timiyala ta shuga wa mumkaka timatsalira m'kamwa mchengamchenga.

Ngati mkaka ndi wogula kwa mlimi, monga ambiri amachitira ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, uwiritseni kaye. Kuundanitsa sikupha tizilombo toyambitsa matenda, kumangotigoneka, tikatenthedwa timadzuka. Pa chifukwa chomwechi mazira aiwisi asalowe mu ayisikilimu.

Sakanizani shuga, mkaka wa ufa ndi kasitadi (ngati mulibe kirimu) zili zouma kuti zisachite mibulu. Menyani zachikasu za mazira ndi theka la zoumazo mpaka ziyereko. Theka linalo lithireni mu mkaka n'kuutenthetsa pamoto wochepa mpaka uyambe kutulutsa nthunzi. Kenako tungani mkaka wotenthawo pang'onopang'ono kuthira m'mazira muja uku mukumenya, chipande chimodzi, kenako china, mpaka mazira azolowere kutentha. Bwezerani zonse mu poto. Pamoto wochepa, takasani ndi mthiko osalekeza, mukukanda pansi pa poto. Pa mbaula, phulani makala ena kuti moto ufatse. Mukufuna kufika pakati pa 82°C ndi 84°C, osawira. Popanda themomita, tulutsani mthiko n'kudutsitsa chala pamsana pake: ngati mzere wa chala watsala woonekera bwino, m'mbali mwake osayenderera kudzautseka, zapsa. Phulani msanga, chifukwa mukapitirira pang'ono mazira amagwirana timibulu. Sefani, kenako thirani kirimu wozizira ndi vanila.

Za zipatso ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezera muyezo wa madzi. Mango, nthochi ndi mapeyala zimagwirizana ndi ayisikilimu chifukwa zili ndi mnofu wogwirana. Zipereni zisalale, muthire msakanizo utazizira. Malambe ndi owawasa, ndiye mukawaphikira limodzi ndi mkaka umadukaduka. Nawonso alowe msakanizo utazizira, ndipo muwonjezereko shuga. Nanazi ndi papaya zaziwisi zili ndi mphamvu yophwanya mapuloteni a mumkaka n'kuuwawitsa, choncho ziphikeni kaye ndi shuga pang'ono. Zidutswa za zipatso zosaphika zimasanduka miyala mu firiza popeza madzi ake alibe shuga wokwanira. Ziviikeni mu shuga kwa ola limodzi kapena muziwiritse pang'ono.

Ngati firiza yanu ndi yozizira kwambiri ndipo mukufuna ayisikilimu wofewa, chotsani shuga magalamu 30 n'kuikamo uchi wofanana nawo. Shuga wa mu uchi amatsitsa poundanira pafupifupi kawiri kuposa shuga wa nzimbe. Koma ngati firiza yanu ndi yofooka chitani zosiyana: uchi ayi, ndipo shuga musapyoze muyezo, apo ayi sadzalimba n'komwe. Kumbukiraninso kuti uchi si wopatsa mwana wosakwana chaka.

Chachinayi: ziziritsani, kenako dikirani

Musaike msakanizo wotentha mu firiza. Mudzatenthetsa zonse zili momwemo, ndipo kunja kudzaundana mochedwa mkati mukadali mofunda. Khazikani poto mu beseni la madzi ozizira, muzitakasa ndi kusintha madziwo mpaka poto azizire, zisapitirire maola awiri. Kenako vundikirani n'kuika mu firiji mbali yosaundanitsa, pafupifupi 4°C, kwa maola osachepera anayi. Usiku wonse ndiye bwino koposa. Pa nthawi imeneyi mafuta amalimbako ndipo mapuloteni amamwa madzi, zimene zimathandiza msakanizo kugwira mpweya mukadzamenya. Komanso msakanizo woyambira pa 4°C uli ndi mtunda waufupi kuti ufike poundana kusiyana ndi woyambira pa 25°C. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi chifukwa ana akufunsa kuti zipsa liti. Ndikupemphani, musaidumphe.

Chachisanu: kuundanitsa

Apa ndi pamene ayisikilimu amapangika kapena kuwonongeka, ndipo njira zilipo zingapo.

Njira ya ayisi ndi mchere ndi imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa ndi yachangu ndipo siyembekezera magetsi. Ndi yakale: mu 1843 Nancy Johnson wa ku Philadelphia analandira chiphaso cha umwini wa makina opukusa ndi dzanja, omwe anali thini yokhala mkati mwa ndowa ya ayisi ndi mchere. Inu mufunika ndowa ya pulasitiki, thini yachitsulo yotsekeka bwino yoyera, ayisi makilogalamu atatu, ndi mchere wa mibulu theka la kilogalamu.

Ayisi yekha sangaundanitse msakanizo, chifukwa akamasungunuka amakhala pa 0°C pomwe msakanizo ukufuna kutsika kupitirira -3°C. Mchere umakakamiza ayisi kusungunuka ngakhale kuli kozizira kuposa 0. Kusungunuka kumadya kutentha kwambiri, ndipo kutenthako ayisi amakulanda ku chilichonse chomwe chili pafupi, kuphatikizapo thini yanu. Madzi amchere amene amapangika amatsika kudutsa -10°C, ndipo mchere ukakhala gawo limodzi pa magawo atatu a ayisi amatha kufika -21°C, omwe ndi malire a mchere wa m'khitchini. Chinanso, madzi amachotsa kutentha mwachangu kwambiri kuposa mpweya. N'chifukwa chake thini yomira m'madzi amchere a -12°C imaundana msanga kuposa yokhala mu firiza ya -18°C.

Kulungani ayisi m'thumba n'kumuphwanya ndi mwala kapena musi mpaka akhale tizidutswa tosaposa mtedza. Thirani msakanizo mu thini mpaka theka lokha, mutseke. Yalani ayisi pansi pa ndowa, wazani mchere, khazikani thini pakati, n'kumazunguliza ayisi ndi mchere mosinthanasinthana mpaka zipitirire pamene msakanizo walekezera, koma zisafike pa chivundikiro. Kulungani ndowa ndi chiguduli kapena bulangeti lakale, mukhale pamthunzi. Tsopano zungulizani thini ndi manja uku ndi uku osaleka. Pakapita mphindi zisanu pukutani chivundikiro kuti mchere usagwere mkati, mutsegule. Mupeza pakhoma la thini pamata kachikopa kolimba koyererako, pakati pakadali madzimadzi. Kandani kachikopako konse ndi mthiko, mukagwetsere pakati, mumenye mwamphamvu, mutsekenso. Kachikopa kameneka ndi kodzaza ndi timibulu tatsopano ting'onoting'ono, ndipo mukakasiya pakhoma kamatchinga kuzizira kuti kusalowe mkati. Bwerezani mphindi zinayi kapena zisanu zilizonse. Kunja kwa ndowa kudzayamba kuyera ndi chisanu, chizindikiro choti zikuyenda. Pakati pa mphindi 20 ndi 30 mthiko uyamba kulemera ndipo msakanizo uziima wokha ngati phala lolimba. Pamenepo mwafika pafupifupi -5°C kapena -6°C.

Madzi amchere aja musawataye mukuona kuti ayisi akusungunuka. Ndi amene akugwira ntchito. Ingochepetsani akayandikira chivundikiro. Valani magolovesi kapena mugwire thini ndi nsalu, chifukwa madzi ozizira chonchi amawotcha khungu, ndipo ana asaviikemo manja. Mukamaliza musawathire m'dimba kapena pa maluwa.

Njira yachiwiri ndi ya thireyi mu firiza, yoyenera amene firiza yawo imafikadi -18°C. Thirani msakanizo mu thireyi yachitsulo yozizira ija, kuya kwake kusapitirire masentimita atatu. Chitsulo chimatulutsa kutentha msanga kuposa pulasitiki, ndipo chosaya chimaundana msanga kuposa chakuya. Pakapita mphindi 40 tulutsani, kandani m'mbali moundana, menyani ndi foloko yozizira mpaka zisalale, mubwezere mwachangu. Bwerezani theka la ola lililonse, kanayi kapena kasanu, mpaka kumenya kuyambe kuvuta. Muzimenyera pafupi ndi firiza, chitseko chili chotseka, ndipo musapitirire mphindi imodzi. Amene muli ndi blender mutha kuundanitsa msakanizo m'timathireyi ta ayisi, popeza tizigawo ting'onoting'ono timagwira mwachangu, kenako n'kugaya tizigawoto kamodzi n'kubwezera mu firiza.

Ngati muli ndi makina opangira ayisikilimu a mbale yoikiratu mu firiza, mbaleyo imafuna maola 24 pa -18°C. Igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva madzi akukhuvuka mkati mwa makoma ake, sinakonzeke. Makinawa akalephera, kawirikawiri vuto limakhala limenelo.

Palinso njira yosatakasa: thini imodzi ya mkaka wa kondensi wotsekemera ndi kirimu 500 ml womenya mpaka afufume. Imatheka chifukwa kondensi ali ndi madzi ochepa ndi shuga wambiri, ndipo kirimu womenya amabweretsa mafuta ndi mpweya, ndiye madzi oti apange timibulu amakhala ochepa. Imatsekemera kwambiri, ndipo mu firiza yofooka silimba.

Chachisanu ndi chimodzi: kulimbitsa ndi kusunga

Ayisikilimu akangofika pofewa paja, theka la madzi limakhala lisanaundane, ndipo mphindi iliyonse ali panja timibulu tating'ono kwambiri tikusungunuka. Mupakireni msanga m'makontena ozizira aja. Makontena ang'onoang'ono angapo amaposa imodzi yaikulu: amalimba mwachangu, ndipo mumatulutsa yokhayo imene mudye. Yalani pepala la pulasitiki loyera pamwamba ligunde ayisikilimu, kenako mutseke. Popanda pepalali madzi apamwamba amauluka n'kukamata pa chivundikiro ngati chisanu, pamwamba n'kutsala pouma, komanso fungo la nsomba ndi nyama limalowa mosavuta m'zamafuta. Ikani pansi kapena kumbuyo kwenikweni, mosiyira mpata kuti mpweya wozizira uzizungulira, kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Akalimba, muunjikireni pakati pa zoundana zina. Pachitseko ayi; ndi pamene pamatenthera kwambiri ndipo pamasinthasintha nthawi iliyonse wina akatsegula. Mukatero bwezerani firiza pa nambala yake ya masiku onse, bola isakwere kuposa -18°C.

Mdani wamkulu posunga ndi kukwera ndi kutsika kwa kuzizira. Firiza ikakwera kuchoka pa -18°C kufika pa -10°C, ayisikilimu amaoneka ngati sanasinthe, koma mkati timibulu tating'ono tasungunuka. Ikatsikanso, madziwo sabwerera kukapanga timibulu tatsopano, amakamata pa tikulutikulu tomwe tinatsala. Zikachitika kangapo, wosalala uja amasanduka wokhakhala. Mafiriza osagwira ayisi m'makoma amadzitenthetsa okha pang'ono nthawi ndi nthawi kuti asungunule chisanu, ndiye m'menemo ayisikilimu aikidwe pakati pa zinthu zina. Firiza yotsegula cham'mwamba imasunga bwino kuposa yoimirira, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo sutayikira pansi mukatsegula.

Kwathu kuno tikudziwa kuti magetsi amathima, ndiye konzekeranitu. Ngati ndondomeko ya kuthima ikudziwika, undanitsani pa nthawi imene magetsi akhalitse. Firiza yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, choncho mipata idzazeni ndi mabotolo a madzi oundana masiku angapo m'mbuyo. Mabotolo oyandikana ndi ayisikilimu akhale a madzi amchere, supuni zazikulu zisanu ndi imodzi pa lita, osadzaza mpaka pakamwa ndipo alembedwe kuti wina asamwe. Botolo la madzi wamba limayamba kuteteza likafika pa 0°C, pamene ayisikilimu wasungunuka kale, pomwe la mchere limasungunuka kukadali pansi pa -6°C n'kumamwa kutentha kumene kukanalowa m'kontena. Magetsi akathima musatsegule firiza ngakhale kungosuzumira.

Akayaka, onani. Ngati ayisikilimu wangofewa koma akuimabe ndipo ayisi akumveka mkati, mudyeni tsiku lomwelo. Ngati wasungunukiratu kukhala madzi, musamubwezere kuti aundanenso. Sadzakomanso, koma choopsa n'chakuti mkaka ndi mazira zikafunda tizilombo timaswana mwachangu, ndipo kuundanitsanso sikutichotsa. Ngati simukudziwa kuti wakhala wosungunuka kwa nthawi yaitali bwanji, mutayeni, makamaka pakhomo pamene pali ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala. Ngakhale zonse zikuyenda bwino, ayisikilimu wopangidwa kunyumba alibe mankhwala ogwira madzi amene mafakitale amathira, choncho mumalizeni pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri.

Pomaliza: kugawa

Wochokera pa -18°C amakhala wolimba, ndipo kuzizira kwambiri kumachititsa dzanzi lilime moti kutsekemera ndi fungo sizimveka bwino. Musamuike padzuwa kapena m'madzi otentha. M'mbali mudzasungunuka pakati pakadali gwa. Msamutsireni mbali yosaundanitsa ya firiji kwa mphindi 10 mpaka 20, malinga ndi kukula kwa kontena, kuti afewe mofanana ponseponse. Supuni ikamalowa ndi kukanikiza pang'ono, wafika. Mbale zodyera zikhale zozizira. Viikani supuni m'madzi n'kuikutumula musanatape, chifukwa madontho otsalira amakaundana pamwamba pa wotsalayo. Mukagawa, salazani pamwamba, bwezerani pepala lija ligunde, mutseke, kontena ibwerere mu firiza musanakhale pansi kudya.